Mchere Umene Esnath Anakana Kuthira

Esnath Mumba ankalowetsa ulusi m'singano atatsinzina diso lakumanja. Anazolowera choncho kuyambira ali mtsikana kwawo ku Petauke, ndipo ku Ngungu konse, komboni ya ku Kabwe kumene ankakhala, ankamudziwa ndi khalidwe limeneli. Ukamupeza pakhonde atakwinya nkhope ngati munthu wolawa ndimu, unkadziwa kuti ulusi ukulowa, ndipo sankaphonya. Amayi a Chigwirizano a ku Reformed ankati yunifolomu yosoka iye, mkazi wa a Daka, imatha ndi sopo, msoko ukadali gwa.

Mmawa wina mu Okutobala wa 1978, kutatsala masabata awiri kuti tsiku la ufulu, pa 24, lifike, Esnath anakhala pamakina ake ndi mulu wa madiresi a amayi a chipani. Ananyowetsa ulusi ndi malovu, nanyamula singano, natsinzina diso lakumanja monga mwa masiku onse. Singano inasowa. Zala zake zinasowanso. Pamalo pake panali chinthu chakuda bii, ngati wina wadinda chala cha mwaye pagalasi, ndipo m'mbali mwake munali chimbuuzi chokhachokha. Atatsegula lakumanja, dziko linabwerera: makina, mpanda wa maluwa, fumbi la ku mgodi likuuluka chapatali. Atatsinzinanso, mdima uja unali pomwepo, ukumudikira.

Anasukusula katatu, akuti mwina ndi fumbi la Kabwe limene limalowa ngakhale mu shuga wotsekera m'chitini. Sizinathandize. Apo m'pamene mantha anamugwira.

Esnath anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu yosakwana bwino, pathupi poyamba patatha zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati. Zaka zonsezo anasokera ana a eni tizovala ta ubatizo, akumwetulira ndi mano okha, kwinaku akumva zimene anthu ankanena kuseri. Tsopano wake anali m'njira. Sankapempha zambiri kwa Mulungu. Sankati akhale mwamuna kapena mkazi, wanzeru kapena wolemera. Ankangofuna kudzaona nkhope ya mwana wake ndi maso ake, basi. Miyendo inali itatupa moti ankavala mapatapata a mwamuna wake, mutu unkagunda ngati wina akusinja m'katimo, koma aliyense ankati ndi mmene mimba imakhalira, ndipo iye anakhulupirira. Za diso palibe anamuuzapo.

Ku chipatala chachikulu anamumanga lamba pamkono. Sisitala Nelly, namwino wamfupi wa mtundu wa Chilenje amene ankamveka ngati akukalipa ngakhale popereka moni, anapopa kawiri, nayang'ana, napopanso kachitatu. Anangomudumphitsa mzere wonse n'kumulowetsa kwa dokotala, mmwenye wa imvi, amene anamuthira mankhwala m'maso n'kusuzumiramo nthawi yaitali ndi katochi kake. Dokotalayo ankalankhula Chingerezi, Sisitala Nelly n'kumamasulira m'Chinyanja chake cha m'tauni.

"Mvelani bwino, mayo. Mukati mwa diso muli tumitsempha twa magazi, tung'ono kupambana kotoni yanu yosokela. Kamozi kumanzele katsekeka, monga paipi ikazula matope. Magazi yasowa njila, yatayikila mukati. Ndiye mdima wamene muona. Chalengesa ni BP, elo BP yabwela na mimba."

"Lizapola?" anafunsa Esnath.

"Lakumanzele sitiziba. Ba doctor bakuti mwina iyayi. Manje nkhani ili pa lakumanja, chifukwa nalo layamba tumadontho. BP ikapitiliza so, lizayenda nalo, imwe mungagwe khunyu, mwana angafele mukati. Mufunika kugona kuno. Mchele osayesa olo pang'ono. Mwana timuchose na operation, this week."

"Nanga nizamuona?"

Funso limeneli Sisitala Nelly sanalipititse kwa dokotala. Analiyankha yekha. "Mukafulumila."

Kenako anatulutsa pepala. Masiku amenewo mkazi wapabanja sankang'ambidwa pamimba mwamuna wake asanasaine, ndipo mwamuna wa Esnath, Sailas Daka, anali gaadi wa sitima za katundu. Tsikulo linali Lachiwiri, iye anali ku Ndola, wobwera Lachinayi. Sisitala anafuna kumugoneka pomwepo kuti azidikirira ali pabedi, koma Esnath anati kunyumba kuli apongozi, sangangosowa ngati mbuzi. Analandira mapilisi, nalonjeza kubwera Lachinayi ndi mwamuna wake. Tinene zoona, apa ulemu unamupusitsa.

Apongozi akewo, amai Dailes, anali atabwera kuchokera ku Petauke mwezi wathawo kudzadikira mdzukulu. Sanali munthu woipa. Manja awo anali atalandira ana ochuluka kuposa amene Sisitala Nelly adzawerenge moyo wake wonse, ndipo anali ataika m'manda ana awo aakazi awiri, onse pauchembere. Munthu wotere sumuuza za mimba, amakuuza ndiye. Anamvetsera nkhani yonse ya mtsempha ndi paipi, kenako anagwada, nadina chala pamwendo wa Esnath. Chala chitachoka, padatsala kadzenje kosabwerera.

"Uwu ni mdulo," anatero. "Mmwenye angauziwe kuti mdulo? Kutupa uku, mutu uwu, lomba na diso. Pali wina wayenda kunja kwa nyumba ino, ndiye wadula mimba."

Sananene kuti ndani, koma maso awo anapita patepi yoyezera imene inali lende m'khosi mwa Esnath. Mwezi wonse mayiwa ankakhala pamkeka n'kumaona amuna a eni akubwera pakhonde kudzayezetsa mathalauza, mpongozi wawo akuwazunguliza tepi m'chiuno, akuwagwadira kuti ayeze mwendo. Kwawo mkazi sagwira chiuno cha mwamuna wosakhala wake. Akaphatikiza ndi zaka zisanu ndi chimodzi zopanda kanthu, ndi mwana wawo wogona ku Ndola masiku atatu pasabata, samu yawo inkatuluka yokha.

Esnath anaseka, kuseka kwa munthu wopsa mtima. "Amama, a Daka akabwela azasaina, nkhani yasila."

Sailas anafika Lachinayi masana, atanyamula kabokosi kake kachitsulo ndi mtanda wa sopo umene anaupeza ku Ndola, poti chaka chimenecho sopo anali ngati golide. Anali munthu wamtali, wofatsa, woimba besi m'kwaya, wa mtundu uja umene anthu amati sangaphe ntchentche. Esnath anamufotokozera zonse, namuuza kuti apite limodzi madzulo omwewo. Mayi ake nawo anamukokera kuseri kwa nyumba, nalankhula naye chapansipansi. Pobwerako nkhope yake inali itatuwa ngati yapakidwa phulusa.

"Tiyeni, a Daka. Bus ya four izatisiya."

"Esnath," anatero akuyang'ana nsapato zake, "tiyambe tayesa va amama. Mailo Friday kuseni chabe. Vikakanga, nizasaina."

"Muziba vamene amai anu akamba pa ine?"

"Niziba."

"Ndiye mwavomela?"

Sailas sanayankhe. Anakhala duu pampando, sopo uja ali pamiyendo. Esnath anamva chinthu chikuthyoka mumtima mwake, chifukwa anaganiza kuti mwamuna wake nayenso akumukayikira. Chipongwe cha apongozi akanatha kuchimeza, koma chete wa Sailas unamuwawa kuposa mutu.

Lachisanu kunacha kotentha. Esnath podzuka anapeza kuti diso lakumanja layamba masewera. Tinthu tonyezimira tinkadutsa ngati ziphaniphani masana, ndipo chitseko chinkaoneka ngati chili m'madzi. Sanauze munthu. Anatenga chikwama chake, naikamo tizovala tonse timene anasokera mwana, thaulo, ndi khadi la ku sikelo, nachiika pafupi ndi khomo.

Kuseri kwa nyumba amai Dailes anali atakonzeka kale. Pambaula panali kampoto kakuda, mizu yochokera ku Petauke ikubwata, fungo lake lowawa likufika mpaka kwa aneba. Pambali panali sosala yodzaza mchere. Mwambo wake kwawo kwa mayiwa unali wosavuta kumva. Wolakwayo amatapa mchere ndi dzanja lake, amathira mumphikamo akutchula dzina la amene anayenda naye, ndiye wodwala amamwa, mdulo n'kumasuka. Anakhazika Esnath pamkeka, Sailas pampando chapatali, ndipo poti onse anali anthu a mpingo, mayiwo anayamba ndi pemphero. Kuseri kwa mpanda kunali zii, zii uja wa aneba amene asiya kutsuka mbale kuti amve bwino.

"Tapa, mwana wangu," anatero amai Dailes, akumusendezera sosala. "Tchula chabe zina. Palibe azakumenya, palibe azakupitikisa. Tifuna moyo."

"Nilibe zina, amama."

"Onse amakamba tero poyamba."

"Ine nizakamba tero mpaka kumapeto. Elo ku chipatala ananiuza kuti mchele ndiye uzanipha. Imwe mufuna nimwe mphika wonse wa mchele?"

Apo mayi wokalambayo anachita chinthu chimene Esnath sanayembekezere. Anagwada pamaso pa mpongozi wawo, nayamba kulira, misozi yeniyeni. "Emmie wangu anakana tero-tero," anatero, "anauma mutu, tinamuika na mwana m'mimba. Nakupapata, usanionese maliro yachitatu. Olo limozi chabe. Olo la munthu wakufa."

Esnath anatsala pang'ono kugonja. Nanga n'chiyani, dzina limodzi? Ankadziwa akazi amene anatchulapo dzina la wogulitsa makala wongodutsa, pofuna kuti azimayi awasiye apume. Akanatha kutchula, kunyambita kapu, Sailas n'kusaina, ndipo pofika masana akanakhala ali pabedi ku chipatala. Dzuwa linkakwera, ziphaniphani zija zinkachuluka, ndipo mphindi iliyonse pamkekapo inkadya diso lake. Koma anaganiza za makutu amene anali kuseri kwa mpanda. Dzina likatuluka pakamwa pake silidzabwereranso, lidzamera miyendo, lidzakafika ku tchalitchi Lamlungu, ndipo mwana amene anamudikira zaka zisanu ndi chimodzi adzakula akulozedwa chala kuti ndi wa uje. Anakankha sosala ija pang'onopang'ono mpaka inagunda bondo la apongozi.

"Dzanja langa siligwila mchele uyu. Mwana uyu ni wa a Daka. Mukafuna nife, nizafa na zina langa loyela, koma boza sinizamwa."

Kenako mpando unalira. Esnath anaona chithunzi chachitali chikuyandikira, chosaoneka bwino nkhope, chikuwerama. Anamva zala zikukanda pasosala, kenako mchere ukugwera m'madzi otentha, osati kambinikambini ayi, dzanja lonse lodzaza.

"Ni Alefa," anatero Sailas, mawu ake a besi aja atasanduka a mwana. "Wa ku Ndola, kufupi na ku station. Chaka na hafu manje. Ndine nakudula, Esnath. Diso lako ndine."

Ndiye kuti chete uja wa dzulo sanali wokayikira mkazi. Munthuyu kuyambira pamene anamva mawu oti mdulo anadziwa kuti mlandu ndi wake, ndipo anakhulupirira ndi mtima wonse kuti mpeni wa dokotala sungachotse chimene iye anadzetsa. Ankaopa kusaina kuti mkazi wake angafere patebulo. Ankaopanso kuulula. Choncho anakhala pampando, bambo wamkulu woimba besi, n'kumaonerera mkazi wake akuzengedwa mlandu wa iyeyo.

Amai Dailes anangoti kukamwa yasa. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mlandu umene unali woti mudzi wonse umve pamene unali wa mpongozi, tsopano unafunika kutha msanga ndi mwakachetechete. Anapukuta misozi ndi chitenje, nayang'ana kumpanda, natsitsa mawu.

"Basi, basi, vamveka. Mwamuna ni mwamuna, amaphonya. Chikulu mlandu wazibika." Anatsanulira mankhwala m'kapu, nauzira, naupereka ndi manja awiri. "Lomba imwa, mwana wangu, upole."

Sailas naye anagwada. "Imwa, Esnath. Naulula. Manje vizasila."

Esnath analandira kapu ija. Inali yotentha m'manja. Anaigwira kanthawi, akumva mwana akugunda m'mimba, akumva mkwiyo ukukwera kuchokera kumapazi otupawo mpaka kukhosi. Unali mkwiyo wosakaniza, wa Alefa, wa chaka ndi hafu, wa masiku atatu amene anataya chifukwa cha ulemu. Anatambasula dzanja, nakhuthulira kapu yonse pambaula. Makala analira, utsi ndi phulusa zinakwera, apongozi anadzambatuka.

"Nkhani ya Alefa tizakamba, a Daka, musaganize kuti yapita na utsi," anatero, ndipo sanatsitse mawu, aneba amve ngati akufuna. "Koma musamupase ulemu wamene alibe. Diso langa silinapite ku Ndola. Ni mtsempha watsekeka, ni magazi yanga, mu thupi langa. Dzulo munafuna nikhale hule kuti nipole. Lelo mufuna nikhale chilonda cha tchimo lanu. Vonse nakana. Ine ndine munthu wodwala, niyenda ku chipatala."

Anadzuka movutikira, osalola munthu kumugwira, natenga chikwama chake pakhomo, nauyamba ulendo.

Msewu wa ku Ngungu ankaudziwa ndi mapazi, ndipo tsikulo mapaziwo ndiwo anagwira ntchito, poti maso ankangoona mitundu yosungunuka. Pa siteji ya basi anakumana ndi amai Clementina, atcheya a amayi a chipani m'dera lawo, munthu amene akakufunsa khadi la chipani pamsika miyendo imachita kunjenjemera. Anamuzindikira ndi mawu.

"Bana tailor! Ma dress yathu yali pati? Twenty-four ili pafupi, mwaziba?"

"Muzavina na yakale, ba chairlady," anayankha Esnath. "Nipenyeleniko bus ya ku town, ine siniona."

Atcheyawo anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma atayang'ana nkhope yotupayo ndi mapatapata aamuna aja, anatseka. Anaimitsa okha kabasi koyamba, natsitsa bambo wina pampando wakutsogolo, namukweza Esnath. Mphamvu za chipani tsiku limenelo zinagwirako ntchito yabwino.

Sisitala Nelly atamuona sanamupatse moni. "Tinakamba Thursday! Lelo ni Friday!" Anamumanga lamba, napopa kamodzi kokha, nathamanga kukaitana dokotala. Panalibenso zoti sabata ino. Opaleshoni inali ya tsiku lomwelo. Anamugoneka, namubaya jekeseni, ndipo pepala lija linatulukanso.

"Ba husband bali kuti?"

"Ali ku nyumba, apemphela."

"Mayo, pepala iyi ifuna ba husband."

"Sister, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mimba ili mwa ine, mpeni uzapita pa ine, diso ni langa. Nipaseni pen."

"Lamulo siitero."

"Ndiye lembani pa file kuti Esnath Mumba anabwela yeka na miyendo yake, anapempha, munamukana chifukwa cha pen ya mwamuna. Lembani, nizadikila. Nikafa muzabelenge."

Sisitala Nelly anatembenukira kwa dokotala n'kulankhula Chingerezi chothamanga. Dokotalayo anayang'ana wotchi, nayang'ana nambala za BP, natukula mapewa n'kugwedeza mutu kuvomera. Cholembera chinafika m'dzanja la Esnath. Koma pepala linali loyera mbee, mizere yonse itasungunuka, ndipo kwa nthawi yoyamba tsikulo misozi inalengeza. Mkazi wolowetsa ulusi m'singano osaphonya, lero kulephera kupeza mzere wotalika ngati chala! Sisitala anangomugwira chala chakumanzere n'kuchiika pamene mzere unayambira. Esnath analemba dzina lake lonse, chilembo ndi chilembo, monga anaphunzirira ku sukulu ya mishoni. Linakwera phiri pang'ono, koma linawerengeka.

Akumaliza, Sailas anatulukira pakhomo la wodi, thukuta lili kamukamu, atapalasa njinga yobwereka kuchokera ku Ngungu. "Nabwela, Sister. Nizasaina. Nili kuno."

"Pali malo ya witness," anatero Esnath osatembenuka. "Lembani pansi pa langa."

Sailas analemba pansi pa dzina la mkazi wake.

Akumukankhira ku chipinda cha opaleshoni, Esnath anagwira mkono wa Sisitala Nelly mwamphamvu. "Nipempha chinthu chimozi. Mwana akabadwa, asamuone munthu wa kwathu ine nisanamuone. Olo atate ake, olo ambuye ake. Ine poyamba."

"Nanga ngati menso yakana?"

"Azadikila mpaka yavomele."

Mwana anabadwa dzuwa likupendeka, wamkazi, wamng'ono ngati botolo la mafuta ophikira, koma wamawu. Anamuika m'kabokosi kagalasi m'chipinda cha ana osakwana masiku. Esnath anadzuka mawa lake, ndipo chinthu choyamba chimene anachita chinali kutsegula maso. Kumanzere kunali mdima uja. Kumanja kunali nkhungu, yoyera, yopanda m'mphepete. Ankamva mawu a anamwino, mawilo a mabedi, ana a anzake akulira, koma dzanja lake lomwe ankaliona ngati mthunzi. Anatembenukira kukhoma n'kulira mwakachetechete, chifukwa anaganiza kuti wachedwa, kuti masiku atatu aja amudyera zonse.

Dokotala anati adikire, BP ikutsika, nthawi zina nkhungu imachoka. Sanalonjeze. Tsiku lachiwiri anamubweretsera mwana kuti ayamwe. Esnath anamugwira, namva kulemera kwake kochepako, namununkhiza pamutu, nayendetsa chala pamphuno ndi pamakutu. Amayi a pabedi loyandikana anati, "Ni wokongola, mwandi." Iye anayankha kuti zikomo, koma mumtima anati zokongola za kuuzidwa n'zosakhutitsa.

Kunja, pabenchi ya pakhonde, amai Dailes anakhala kuyambira Loweruka, atanyamula thewera ndi kabotolo ka tiyi. Nthawi yoona odwala ikakwana ankaimirira, ndipo Sisitala Nelly ankaima pakhomo la chipinda cha ana, wamfupi choncho, manja m'chiuno.

"Ndine ambuye ake! Nalandila bana kupambana imwe!"

"Niziba, mayo. Koma banyina bakalibe kumuona."

"Nanga akapanda kupenya mpaka Khisimisi?"

"Muzamuona pa Christmas."

Sailas sanatsutse. Ankabwera akaweruka, n'kukhala kumapeto kwa bedi la mkazi wake, akulankhula za nyengo ndi za madiresi a chipani amene anawabweza kwa eni ake osasoka. Esnath ankamuyankha mawu amodziamodzi. Nkhani ya ku Ndola inali pakati pawo ngati katundu woti adzamasulidwe kunyumba, ndipo onse ankadziwa kuti mlandu suola.

Lachitatu mmawa, tsiku lachisanu chibadwire mwana, Esnath anadzuka n'kuona zenera. Osati kuwala chabe, koma zenera lenileni, la makona anayi, ndi mng'alu pagalasi lapansi. Anagona osagwedezeka, kuopa kuti akaphethira lithawa. Anaphethira. Linalipobe. Pakati penipeni pa chimene ankayang'ana panali kabanga kotuwa, koma akapendeketsa mutu pang'ono, zinthu zinkatulukira m'mbali mwa kabangako, zooneka bwino. Sanadikire kuti amuthandize. Anatsika pabedi atagwira chilonda ndi dzanja limodzi, khoma ndi linalo, nayenda yekha mpaka ku chipinda cha ana.

Sisitala Nelly anamukhazika pampando pafupi ndi zenera, natulutsa mwana m'kabokosi, namuika m'manja mwake. Esnath anayang'ana molunjika, ndipo kabanga kaja kanaphimba nkhope yonse. Kenako anakumbukira, napendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana kabawi, ndipo mwana wake anatulukira.

Anali ndi tsitsi lambiri, lonyowa ngati wangosamba. Khutu lakumanja linali lopindika pamwamba. Pakati pa nsidze panali kamzere ka munthu wokwiya, ngati wabwera kale ndi madandaulo ake, ndipo mlomo wapansi unkayamwa mpweya. Kenako anatsegula maso, awiri, akuda, athunthu, nayang'ana mayi ake mosachita manyazi. Esnath anaseka, chilonda chinamukoka, nasekabe. Chimwemwe chake chinali chachikulu moti chinkawawa.

Diso lakumanzere silinabwererenso, ndipo iye ankadziwa kale pampandopo kuti silibwerera. Ankadziwanso kuti adzayenera kuphunzira kulowetsa ulusi mwatsopano, ndi diso limene moyo wake wonse ankalitsinzina. Zimenezo zinali za mawa.

Pakhomo panamveka kukhosomola. Amai Dailes anali atasuzumira, thewera lili m'manja, Sailas ali kumbuyo kwawo. Sisitala Nelly anayang'ana Esnath, kudikira mawu ake. Mayi wokalambayo sanathe kupirira, funso limene linawasunga pabenchi masiku onsewo linatuluka lokha.

"Wamuona? Afanana na ndani?"

Esnath sanadzutse mutu. "Sinifunafuna munthu pankhope pake, amama. Nimuona chabe. Dikilani, nikalibe kusiliza."

Anadikira pakhomo pomwepo, amai Dailes ndi mwana wawo Sailas. Esnath anayang'ana mwanayo mpaka diso linatopa n'kuyamba kutuluka misozi, ndipo analipukuta ndi kuseri kwa dzanja, napendeketsa mutu, nayambiranso.